Getsi la Kuseri kwa Galasi

Anzake a m'kalasi ankamutcha Mafunso, chifukwa sankatha kupatsana moni ndi munthu osamufunsa kuti akumva bwanji mumtima. Anali m'chaka chomaliza cha digiri yachiwiri ya maphunziro a kaganizidwe ka anthu, ndipo kafukufuku wake anali ndi funso limodzi lokha: kodi munthu amathandiza mnzake ngakhale palibe womuona?

Njira yake inali yosavuta. Munthu ankaitanidwa kuti adzayankhe mafunso, n'kumukhazika m'chipinda chodikirira. Kenaka mnzake wa Mafunso, mtsikana wamtali wodziwa sewero, ankalowa ndi katoni ya mabolopeni n'kupunthwa dala, mabolopeni aja mbwee pansi. Pakhoma panali galasi lalikulu looneka ngati kalilole wamba, koma kuseri kwake kunali kachipinda momwe Mafunso ndi aprofesa ake ankakhala n'kumaonerera.

Analowa anthu makumi anayi, ndipo onsewo anagwada n'kutola. Mlonda wa pageti anachita kukwawira pansi pa tebulo. Mkulu wa kulaibulale, amene ngakhale moni sayankha, anatola n'kuwasanja ofiira paokha, akuda paokha. Mafunso ankangomwetulira yekha m'makolido ngati wapeza banja. Anaimbira foni amayi ake.

"Amayi, anthutu ndi abwino, onse ndithu."

"Zaka ziwiri kusukulu kuti ukadziwe zimenezo? Iwe ungomaliza, ine diresi ya pa mwambo wako wolandira digiri ndasoketsa kale."

Panali patatsala masabata atatu kuti apereke pepala lake. Kuphonya tsikulo kunali kubwereza chaka chathunthu.

Munthu wotsatira anali mayi osesa m'maofesi. Mabolopeni atagwa anatola bwinobwino, n'kudzuka, n'kupita pagalasi paja, go go go.

"Mwanangu, auze abambowo kuti tiyi akutayikira pa mapepala."

Mafunso anatuluka m'kachipindamo.

"Amayi, mukutiona?"

"Nanga tilekerenji? Getsi lanulo likuwala ngati m'sitolo."

"Onse aja ankationa?"

"Onse. Mlonda akuti aprofesa amawodzera kukamwa kuli yasa. Ife timangoti anthu ophunzira akufuna aone ngati tili ndi khalidwe, ndiye tiwakhumudwitsirenji?"

Galasi lotere limabisa munthu pokhapokha ngati kuseri kwake kuli mdima. Aprofesa anayatsa getsi tsiku loyamba lomwe kuti azichonga mayeso podikira, Mafunso n'kuthokoza kuti tsopano aziona polemba. Anthu awiri odziwa zobisika za mumtima wa munthu, koma nzeru ya swichi inawapita pambali. Sukulu imeneyi, abale.

Mafunso anakhala pansi n'kuyamba kulira. Aprofesa nawo misozi inali mbwembwembwe, koma yakuseka. Anaseka mpaka kuvula magalasi, mayi osesa aja akuwapukutira tiyi patebulo.

"Pepa mwana wanga," anatero aprofesa atapezako mpweya. "Wolakwa ndine, ndipo ndilemba choncho. Koma usataye kalikonse. Uli ndi anthu makumi anayi amene ankadziwa kuti akuonedwa. Tipeze ena makumi anayi, tizime getsi, tiyerekeze. Pepala lako lakula, silinafe."

Zinali zoona, koma mantha a Mafunso sanali a masabata atatu okha. Ankaopa kuti mumdima anthu ake abwino aja asanduka ena.

Mayi osesa aja ndi amene anawapezera anthu atsopano, ochokera kunja kwa mpanda wa sukuluyo, osadziwa za galasi. Lolemba m'mawa aprofesa anazima getsi, n'kumata swichi ndi selotepi kuti dzanja lisayiwale. Awiriwo anakhala mumdima, phee, osaona ndi kope lomwe.

Woyamba anali bambo wa jekete. Mabolopeni atagwa, limodzi linagubuduka kulunjika kwa iye. Bamboyo anakweza mapazi kuti lidutse bwino, n'kutulutsa foni. Wachiwiri naye anangoyang'ana kudenga.

Wachitatu anali mayi wonenepa, wogulitsa zovala. Anafika pagalasi, mphuno yake pafupi ndi ya aprofesa, n'kuyamba kuchotsa kanthu m'mano ndi chikhadabo. Aprofesa anadziluma dzanja kuti asaseke. Katoni itagwa, mayiyo anatsonya.

"Ana a masiku ano, manja ngati a nkhuku," anang'ung'udza. Kenaka anagwira mpando, n'kugwada movutikira, mawondo akulira, n'kuyamba kutola limodzilimodzi.

Mafunso analemba kamzere pa kope osaliona.

Masiku khumi anatha choncho. Aliyense akamaliza, Mafunso ankamuuza zoona zake za mabolopeni, ena n'kuseka, bambo wa jekete n'kunena kuti ali ndi vuto la msana. Tsiku lomaliza anamatula selotepi, n'kuyatsa getsi, n'kuwerenga timizere tokhotakhota tija. Tinakwana makumi awiri ndi tisanu ndi tinayi.

"Atsika," anatero aprofesa, akumuyang'ana m'mbali. "Wakhumudwa?"

Mafunso anapukusa mutu. Anali wosangalala kuposa tsiku limene anapeza makumi anayi, ndipo chimwemwe chake chinamudabwitsa mwiniwake. Anthu onsewa anagwada pa simenti yozizira chifukwa cha mtsikana wosamudziwa, osadziwa kuti pali wowaona, popandanso wowayamikira.

"Awa ndi anga enieni, aprofesa."

Aprofesa anasanthula m'matumba a jekete lawo kufuna cholembera choti asainire fomu yake yoperekera pepala, koma sanachipeze. Mafunso anatuluka n'kukawabweretsera katoni yonse.