Kabotolo ka a Nachisale

A Getrude Nachisale anali asanamuyang'anepo kumaso mkamwini wawo. Musaseke, ndi zoona zimenezi. Dyson anakwatira mwana wawo Queen kalekale, mdzukulu Kumbukani mpaka anafika sekondale, koma a Nachisale ankadziwa nsapato za Dyson, mawu ake, ndi kulira kwa njinga yake yamoto basi. Akakumana panjira ya ku Kabudula, iwo ankapatukira m'chimanga cha eni ake, iye n'kuima choyang'ana kumbali mpaka adutse. Akabwera kudzacheza, iye ankakhala pakhonde, iwo kuseri kwa nkhokwe, moni n'kumadzera mwa Queen. Atsikana a masiku ano ankati zimenezo n'zachikale. A Nachisale ankangoti amene akufuna kuseka ndi mkamwini wake mano onse pamtunda aseke, koma iwo ayi.

Tsono vuto linali lakuti Dysonyo anali dokotala pa kachipatala ka m'deralo. Mutu ukawawa, a Nachisale ankagula panado kugolosale. Malungo akawagwira, ankalolera kukwera kabaza kupita ku chipatala china chakutali. Kwa zaka zonsezo zinkatheka ndithu.

Chaka chimenecho, mvula itangoyamba, a Nachisale anayamba kuona magazi. Munthu woti anasiya kusamba kale, zidzukulu mbwee, lero n'kumachapanso tinsalu mobisa ngati namwali! Sanauze munthu kupatula mng'ono wawo Zelifa. Tanthauzo lake ankalidziwa bwino, chifukwa mnzawo wa mumpingo, a Margret, anayamba chomwecho. Anabisa, anabisa, pomwe ankapita ku chipatala n'kuti khansa ya khomo la chiberekero itawadya kale, ndipo a Nachisale anali m'gulu la amayi amene anasambitsa thupi lawo. Ankaopa kufa imfa imeneyo.

Nthawi yomweyo n'kuti anthu a kafukufuku atafika pa kachipatala kaja ndi njira yatsopano. Ati mayi safunikanso kugona pabedi kuti wina amuone. Amapatsidwa kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, amalowa kuseri kwa nsalu, amadzipukuta yekha m'kati, n'kuika kamtengoko m'kabotolo kolembedwa dzina lake. Kabotoloko kamapita ku makina ku Lilongwe, ndipo makinawo amanena ngati munthu ali ndi kachirombo koyambitsa khansa. Ofufuzawo ankafuna kudziwa ngati amayi a kumudzi angaikonde njirayi kuposa yakale.

A Nachisale atamva, anati Mulungu wayankha. Monga wapampando wa amayi a Chigwirizano, anaimirira Lachinayi m'tchalitchi n'kulalikira za nkhaniyi mpaka thukuta. Anatchula a Margret. Anati manyazi ndi amene akutimaliza ife amayi, ndipo amene atsale kunyumba tsikulo adzayankha kwa iwo. Pakamwa anali napo mayi amene uja, moti ngakhale aulesi odziwika anapangana zopita.

Tsiku litafika, iwo ndi amene anatsogolera mzere, duku loyera lili nga. Kunkagwa mvula yowaza. Atafika pakhomo la chipinda anasuzumira, n'kuona tebulo lolandirirapo timabotolo, ndipo pansi pa tebulopo panali nsapato zofiirira zosokedwa kuchidendene. Nsapato zimenezo akanazizindikira ngakhale pakati pa msika wa Nsaru.

Taganizani inunso. Chinthu chochokera m'thupi mwawo, kumalo kumene kuja, chili ndi magazi, achitenge ndi manja awo n'kuchipereka m'manja mwa mwamuna wa mwana wawo? Iye achikweze m'mwamba, achiyang'ane, awerenge dzina? A Nachisale anaona kuti kuli bwino nthaka ing'ambike alowemo. Kubwerera sakanatha, pakuti kumbuyo kwawo kunali amayi onse amene iwo eni anawakokera kuno.

Ankalowa awiriawiri, ndipo iwo analowa ndi Zelifa. Ali kuseri kwa nsalu, anamupatsa kamtengo kawo n'kumunong'oneza kuti adzipukute ndi timitengo tonse tiwiri. Zelifa anatong'ola maso. Anati akulu, odwala ndinu, ine ndikuyezetsa chiyani kawiri? A Nachisale anamutsina pamkono. Zelifa analeredwa ndi iwo mayi awo atamwalira, ndipo chibadwire anali asanawakanirepo kanthu. Anachita, misozi ili lengelenge, n'kuwabwezera kabotolo kawo.

Potuluka, a Nachisale anayenda chozolika mpaka patebulo. Nsapato zija panalibe. Pampando panali nesi, kamtsikana koseka, ndipo kanawauza monyadira kuti adokotala anapempheratu m'mawa kuti apongozi awo akamalowa, iwo atuluke, timabotolo alandire ndi iyeyo. A Nachisale anaponya maso pawindo. Dyson anali ataima pansi pa mtengo wa mango, msana ali kuno, mvula ikumunyowetsa malaya.

Abale, apa mpamene pakundipsetsa mtima ine. Akanangonena kuti mwanawe, kamtengo kaja kagwa pansi, ndipatse kena. Mawu ochepa chabe! Koma amayi a pamzere anali kuyang'ana wapampando wawo, ena akumwetulira, wina mpaka kuyambitsa nyimbo. A Nachisale anapereka kabotolo ka bodza ndi manja awiri, nesi n'kuthokoza.

Zotsatira zinabwera chimanga chikumasula. Queen anafika pakhomo akuvina, ati amayi mulibe kachirombo, inu ndi amayi aang'ono nonse muli bwino, bambo a Kumbukani akuti mudzayezetsenso pakapita zaka. A Nachisale anati tithokoze Mulungu, kenako anazungulira kuseri kwa bafa kukachotsa tinsalu tawo pachingwe mwana asanatione.

Amayi angapo anapezeka nako kachirombo. Anaitanidwa, anaonedwa, ena anawotchedwa tizilonda ndi kachida kotentha, sabata yotsatira anali m'munda akupalira. Mmodzi wa iwo anagwada pamaso pa a Nachisale m'tchalitchi, anthu onse akuona, n'kunena kuti pakanapanda mayi awa, ana ake akanakhala amasiye. Amayi anaimba nthungululu. A Nachisale anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire, nkhope inatentha ngati ayandikira ng'anjo ya njerwa. Anakhala tsonga kumapeto kwa benchi, kuopa kuti akaimirira siketi ikhala itathimbirira.

Zelifa sanawapatse mtendere. Pa mjigo, kudimba, pobwera ku maliro, nkhani inali yomweyo: akulu, tiyeni ku chipatala chakutali chija, tikangonena kuti mukutaya magazi. A Nachisale ankayankha kuti kumeneko akafunsa ngati anayezetsa, nkhani ikabwerera kwa bambo a Kumbukani, ndiye mpingo wonse udziwe kuti wolalikira za manyazi uja anathawa yekha. Ankati tidikire fodya apite ku okushoni. Fodya atapita, anati tidikire tikumbe mtedza. Uku thupi likutha, chitenje chikuzungulira kawiri, msana ukuwawa ngati asenza thumba la feteleza. Anthu akafunsa ankati ndi ukalamba.

Anagwa akukumba mtedza, dzuwa lili pamutu. Anangoona mdima, khasu n'kupulumuka. Pomwe ankatsitsimuka, mutu wawo unali pamiyendo ya Queen, chitenje chonse chili psuu, ndipo Zelifa anali kulira akufotokoza zonse, za kuseri kwa nsalu, za kamtengo, za tinsalu tapachingwe. A Nachisale anatsekanso maso dala. Anamva Queen akuimba foni, akubwereza nkhani yomweyo kwa mwamuna wake. Posakhalitsa kulira kwa njinga yamoto ija kunamveka kukubwera, ndipo ulendo uno kunalibe chimanga chopatukiramo.

Anawakweza pakati, Dyson kutsogolo, Queen kumbuyo akuwagwirira. Chifuwa chawo chinagunda msana wa mkamwini. Njinga ikalowa m'dzenje, tsaya lawo linkakhudza phewa lake. Anadutsa pa mjigo, amayi a Chigwirizano ataimika zidebe akuyang'ana. Njira yonse Dyson ankangoyendetsa pang'onopang'ono, khosi lili gwa.

Pa kachipatala nesi anawaika diripi, ndipo m'mawa mwake ambulansi inawatengera ku chipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko anawaona dokotala wamkazi wa magalasi, mmodzi wa akuluakulu a kafukufuku uja. Anatenga kanyama kukayeza, nawasunga m'wodi kudikira yankho. Litabwera, anawaitanira m'chipinda chake pamodzi ndi Queen, n'kutumanso uthenga kuti Dyson alowe. A Nachisale anakokera duku kumaso n'kuyang'ana pansi. Nsapato zofiirira zija zinalowa n'kuima pafupi ndi chitseko.

Dokotalayo sanazungulire. Anati ndi khansa, ndipo yakula. Ikanapezeka nthawi ya mvula ija, mwina opaleshoni yokha ikanakwana, koma tsopano afunika kuyamba ndi mankhwala amphamvu, aone ngati chotupacho chingafote. Anati ayesetsa, koma sangalonjeze. Queen anayamba kulira chamumtima. Kenako dokotala anatembenukira kwa Dyson, mawu ataumako. Anati chimene sakumvetsa n'chakuti mayi amene ali ndi chotupa chotere makina anamupeza alibe kachirombo. Zimachitika, koma kawirikawiri ayi. Kodi pa kachipatala kanu timabotolo timasungidwa bwanji?

Kenako a Nachisale anamva mkamwini wawo akukonza kukhosi.

"Mwina ndine ndinasokoneza timabotolo, adokotala," anatero Dyson. "Tsiku limenelo anthu anali ambiri."

Dokotala anavula magalasi. Anati ngati ndi choncho, ndiye kuti zotsatira zonse za tsikulo n'zokayikitsa, amayi onse aja aitanidwenso, ndipo Dyson aime kaye pa ntchito ya kafukufuku mpaka akuluakulu akambirane. Dyson anangoti wamva.

A Nachisale anadziwa kuti mwanayu akunama, ndipo akunamira iwo. Nkhani yonse Dyson anaimva pafoni paja. Kabotolo kawo sanakakhudze n'komwe, anali panja akunyowa ndi mvula kuti iwo asachite manyazi. Lero akuvula ntchito yake, dzina lake, kuti afunditse apongozi ake. Ndipo iwo akangokhala chete, zitha choncho, mpingo sudzadziwa kanthu, adzapita kumanda ali wapampando waulemu wake. Anaganiza za nesi woseka uja, za amayi amene adzayambenso kugona ndi mantha, ena n'kunena kuti makinawo ndi abodza, osadzabweranso. Manyazi a kabotolo aja anaoneka aang'ono poyerekeza ndi awa.

"Sanasokoneze kanthu awa," anatero a Nachisale. "Sanakakhudze n'komwe. M'kabotolo kanga munali za mng'ono wanga. Ndinamutuma ndine, poopa kuti akamwini angaone magazi anga."

Dokotala anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana Dyson, n'kupuma mozama. Sanakalipe. Anangofunsa ngati pangakhale amayi ena amene anachita chimodzimodzi. A Nachisale anati sakudziwa, koma akatuluka muno, ngati adzatuluke, akafunsa okha Lachinayi, ndipo akayamba ndi kunena za iwo eni.

"Amayi," anatero Dyson chapansipansi, "mukanangondisiya."

A Nachisale anakankhira duku kumbuyo n'kudzutsa mutu. Khosi linali lolemera, koma anadzutsa ndithu, kuchoka pa nsapato, kudutsa malaya, mpaka kumaso. Anaona munthu wa imvi zingapo m'mbali mwa makutu, wa chipsera chaching'ono pamwamba pa diso lamanzere, maso ali ofiira chifukwa chosagona. Chipsera cha Kumbukani ankachidziwa, cha mbuzi yawo ankachidziwa, koma cha munthu amene wasunga mwana wawo zaka zonsezi ankachiona koyamba tsopano, pamene dokotala anali atangonena kuti sangalonjeze.

Dyson, mwa chizolowezi, anayamba kutembenukira kukhoma.

"Ayi, bambo a Kumbukani," anatero a Nachisale. "Taimani choncho, ndikuoneni."