Peni Yodzozedwa

"Amai, kansi Mulungu amalemba monga ba Abednego?"

Anafunsa chonchi ndi Lubuto, kamtsikana ka giledi fili, Loweruka masana dzuwa la Novembala likuphika makoma a mafulati a ku Kabwata. Amayi ake, ba Chitalu, anali atawerama pa beseni kuseri kwa nyumba akuchapa mayunifomu, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Lubuto anali mwana wa mafunso osatha.

"Choka apo, uzanyowa. Mulungu salemba na manja."

"Koma analemba. Onani."

Mwanayo anatambasula manja. Dzanja lina linali ndi peni yakuda yomasulidwa pakati, linalo kapepala kopyapyala kokulungidwa ngati ndudu. Ba Chitalu anapukuta thovu pachitenje n'kukatenga. Sanali munthu wothamangira kuweruza. Poyamba anaganiza kuti ndi vesi, pakuti ba Abednego, neba wawo wa khomo loyang'anana nalo, anali mkulu wa mpingo, ndipo mavesi ankawalemba paliponse, ngakhale pagalasi la kumbuyo kwa galimoto. Koma atakafunyulula sanapezemo Yohane kapena Masalimo. Munali tizilembo ta Chingerezi tating'ono ngati nyerere, mbali zonse ziwiri: zigawo za mtima, ntchito za chiwindi, njira imene magazi amayenda. Kalembedweko kanalidi ka ba Abednego, "g" wake wa mchira wopindika ngati mbedza, yemweyo amene ana ankamuona pabolodi la Sande sukulu.

"Waichosa kuti peni iyi?"

"Mu chola cha ba Sali. Ni ija yozozedwa. Ninamvela ba Sali bakamba ati yankho ili mukati, manje ine nenze kufuna kuona yankho ya Mulungu."

Ba Chitalu anakhala pansi pa sitepe.

Peniyo anagula okha mutauni pochokera kuntchito ku Longacres. Lamlungu lapitalo, ana onse olemba mayeso a giledi thwelofu anaitanidwa kutsogolo kutchalitchi, mapeni awo n'kuikidwa patebulo, abusa n'kuwadontheza mafuta. Ba Chitalu anagwada pasimenti tsiku limenelo, misozi ikuyenderera, kupempherera Salifyanji, mwana wawo woyamba, amene ankafuna kukhala namwino. Atatha mapemphero, ba Abednego anatolera mapeni a ana amene ankawaphunzitsa maphunziro apadera a tyushoni pakhonde pawo, amvekere akagone nawo m'pemphero masiku angapo. Makolo anathokoza. Ba Chitalu anachita kuwomba m'manja, maondo atapinda.

Ndiye kugona m'pemphero kwake kunali kumeneku! Munthu kutenga misozi ya mnzake, pemphero la mnzake, n'kukulungiramo chinyengo ngati akukulunga vitumbuwa m'nyuzipepala. Chinawawawa kwambiri n'chakuti mayeso a bayoloje anali mkucha, Lolemba lomweli. Aliyense ankadziwa chimene chimachitikira mwana wogwidwa ndi kapepala m'chipinda cha mayeso: zotsatira zake zonse zimafafanizidwa, ngakhale za maphunziro amene analemba ndi mutu wake, ndipo dzina lake limanunkha. Mwana wawo anali pafupi kulowa m'moto umenewo atanyamula peni imene amayi ake anaigwadira.

"Sali! Bwela kuno."

Salifyanji anatuluka ali ndi buku m'manja. Ataona peni yomasulayo anauma thupi, kenaka anatembenukira mng'ono wake. "Iwe kamfwiti, nindani anakuuza kugwila vintu vanga?"

"Musiye mwana. Kamba na ine. Ichi ni chani?"

"Ni mwembeshi chabe, amai."

Mwembeshi. Ndimo mmene ana asukulu amatchulira kapepala kolowa nako mobisa pamayeso, ndipo mtsikanayo anatchula dzinalo mopepuka ngati akutchula dzina la sopo.

"Chabe?"

"Bonse bali nayo! Benangu bafaka mu sokosi, benangu balemba pa ntchafu. Ba ndalama ba ku Woodlands beve bali na likeji, pepa yonse ya mayeso pa foni siku isanafike. Kuli na wina anatuma mukulu wake kumulembela. Manje ine neka ningene na mutu chabe?"

"Nanga zaka zonse izi wenze kuyenda na chani ku sukulu, si mutu wamene uyo?"

"Bayoloje inikanga, amai, muziba. Mufuna nikankale nesi, nizangena bwanji?"

"Ehe, ba nesi. Odwala akomoka pa bedi, ba nesi bayamba kumasula peni kusakila kwamene kuli mutima."

Lubuto anaseka, koma Salifyanji analira, kulira kwa munthu wamantha osati wamwano. Ba Chitalu anamuyang'ana mwana wawoyo, wowonda ndi kuwerenga, maso ali psuu, ndipo mkwiyo wawo unamulumpha n'kupita kumene unayenera. Mwana sanadzikulungire yekha kapepalako. Anachita kupatsidwa ndi munthu wamkulu, wovala jekete, amene amanena "ameni" mokweza kuposa onse.

"Nindani benangu bali na peni monga iyi?"

"Bonse ba tyushoni. Na Given."

Given anali mwana wa ba Abednego. Ba Chitalu anaganiza pang'onopang'ono, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo chimene anachiona chinawaopsa. Kulanda peni ya Salifyanji kunali kosavuta, koma sikukanamupulumutsa. Ana onsewo ankalembera pasukulu imodzi, m'holo imodzi. Akanangogwidwa mmodzi, akanafunsidwa kumene anatenga kapepalako, ndipo mwana wogwidwa sasunga chinsinsi. Akanatchula khonde la ba Abednego, n'kutchulanso onse okhala pamabenchi ake. Ndani akanakhulupirira kuti Salifyanji yekha analowa wopanda kanthu?

Anamanga chitenje mwamphamvu n'kudutsa bwalo.

Ba Abednego anali pakhonde akupolisha nsapato za kutchalitchi, wailesi ikuimba nyimbo zauzimu, mabenchi a tyushoni atasanjikizidwa pakona.

"Bana Sali! Mwachoma bwanji? Ngenani, nkalani."

"Sinizankala, bashi Given." Ndimo mmene ankaitanirana, amake Sali ndi bambo ake a Given.

Anaika peni ndi kapepala pabenchi. Bamboyo anayang'ana, n'kupitiriza kupukuta nsapato.

"Bana ba masiku ano," anatero akupukusa mutu. "Ninabauza bwino bwino ati osamasula."

Apa ndiye ba Chitalu anapsa mtima zenizeni. Njira yonse yodutsa bwalo ankayembekezera kuti mwina akana, mwina anena kuti ana anaba zolemba zawo, mwina achita manyazi. Koma munthuyo ankadandaula kuti peni yamasulidwa msanga!

"Ndiye vamene mwaona apa? Kumasula?"

"Bana Sali, osakwiya. Ni tandizo chabe. Mulungu atandiza mu njila zambili."

"Osamuikamo Mulungu, nipapata. Mulungu sapinda mapepa."

Ba Abednego anatsitsa wailesi, n'kuyamba kulankhula ndi mawu awo a pa guwa, odekha, ofotokozera munthu wosamva. "Imwe musebenza mu ofesi, muziba ziko mwamene ilili. Bana ba ku Kabulonga, ticha abwela pa nyumba. Asainimenti ibalembela ni kompyuta, pulojekiti bapanga ni batate babo, mwana afakapo chabe zina. Likeji ibapeza pa bedi. Manje bana batu ba mu Kabwata tibatume manja manja? Ine nalinganiza chabe gilaundi."

"Kansi ngati ni vabwino, munabisila chani mu mafuta? Pa Sondo mwenze pa guwa, maikolofoni ku kamwa. Munalekela chani kukamba ati makolo, ine nizafaka mapepa mu mapeni ya bana banu, amene safuna aimike kwanja? Munatisiya tigwada, tilila, titota na manja. Munatiyesa vipuba!"

Mawu awo anakwera mpaka mayi wina amene ankayanika zovala pafulati yapamwamba anasuzumira. Ba Abednego anakweza dzanja kuti atsitse mawu, koma ba Chitalu anali asanathe. Iwo sukulu anaimalizira ya madzulo, ali kale ndi mwana kumsana, akuchoka kuntchito wapansi kukakhala pabenchi mimba ili pululu. Masamu anawalephera, n'kubwerezanso mpaka anakhoza. Satifiketi yawo inalibe magiredi onyaditsa, koma panalibe munthu padziko amene akanawalanda, kapena kuwafunsa funso loti iwo n'kugwetsa nkhope. Chimenecho ndicho ankafuna kumusiyira mwana wawo, ndipo neba uyu anafuna kuchisinthanitsa ndi kapepala konga ndudu.

"Ba ku Kabulonga bakaba, naise tibe? Mailo mwana wanga akagwiliwa, muzamupasa chani? Vesi?"

"Sibazagwiliwa. Nafaka bwino."

"Mwana wa giledi fili aipeza lelo pa Chibelu muzuba, alibe na kusakila. Manje ba invijileta bolonda mayeso, bamene ndiye nchito yabo, bazakangiwa?"

Bamboyo anakankhira peniyo kwa iwo ndi chala. "Chabwino. Mwatenga ya mwana wanu. Nkani yasila."

"Siinasile. Akagwiliwa umozi, bazatomola imwe, bazatomola na bonse bamene bankala pa mabenchi aya. Sali wanga azafela peni ya mwana wa bene. Nifuna mapepa yonse yachoke. Yonse."

"Ningayende bwanji pa makomo ya bantu kukamba vintu va so? Ine ndine mukulu wa mpingo."

"Ngati simungayende pa makomo, mailo pa Sondo ku chalichi, pa ntawi ya umboni, nizaimilila. Nizakamba ati aleluya mpingo, bwelani muone chozizwisa, peni yazozewa yabala mwana. Nizamasula pamenso pa bonse, nipase ba pasita babelenge vesi ili mukati. Pa Mande kuseni nili ku ofesi ya ba hedi."

Ba Abednego anaika nsapato pansi. Thukuta linali litatuluka pamphumi. "Muzaononga bana bonse. Na Given. Na wanu pamozi."

"Niziba," anatero ba Chitalu, mawu atatsika tsopano. Zinali zoona, ndipo n'zimene ankaziopa chichokereni pa sitepe paja. "Ndiye chifukwa nayambila pali imwe, osati kwa ba hedi. Koma musaniyese. Ningalole mwana wanga afeluke na mutu wake, alembe futi chaka cha mailo, kuchila kuti bamuchose mu holo monga kawalala."

Panja pa mpanda minibasi inadutsa, kondakitala akukuwa za kutauni. Ba Abednego anatola kapepala kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali, ngati kalembedwa ndi munthu wina.

"Chaka chasila bana benangu banafeluka," anatero motsitsa. "Makolo benze kunipita monga sibaniziba. Benangu ati ba Abednego bapunzisa chabe mapempelo. Nenze na nsoni, bana Sali."

Ba Chitalu anamva, koma sanafewe. Manyazi a munthu wamkulu sangalipidwe ndi tsogolo la ana a eni. Komabe anaona kuti munthuyo wasiya kulalikira, wayamba kulankhula, ndipo anakoka benchi n'kukhala.

"Nsoni yamene iyo muzaimvela lelo, pa makomo, isile. Osati kuuza bana mu kona ati bweletsani mapeni tipempelele futi. Boza yakwana. Muuze makolo, na kamwa yanu, mwana alipo. Pepa ichoke pamenso pabo."

"Bazanitukana."

"Benangu bazakutukanani. Benangu bazatukana ine, ati nabachosela mwayi. Tizagabana."

Bamboyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Manje bana bazalemba chani pa Mande? Bayoloje ibakanga zoona."

"Imwe sindimwe ba ticha? Vamene munakwanisa kufaka pa kapepa aka, mungakangiwe kuvifaka mu mitu? Mailo tikachoka ku chalichi, mabenchi aya yaseluke. Mutima, chibindi, magazi, mpaka bavigwile. Bamene bazapasa bazapasa. Mapeni ine nizagula yenangu ku maliketi ya Soweto, yaja yooneka mukati."

Ba Abednego anayang'ana khomo la nyumba yawo, mmene munali Given, kenaka anayang'ana mafulati onse kuzungulira bwalo, makomo amene anayenera kukagogoda. Anavala nsapato zija, imodzi yowala, inzake yosamaliza kupolisha, n'kuimirira.

"Nizayambila mu nyumba mwanga," anatero. "Nalonjeza, bana Sali, zuba ikalibe kungena mapepa yonse yazachoka, nizakamba neka. Koma imwe musanisiye pa komo ya bene."

"Sinizakusiyani," anayankha ba Chitalu, akuimirira nawonso. "Komo iliyonse nizaimilila pambali panu. Mukasiliza yonse, ivi vizasilila pamene pano, sivizafika ku chalichi olo kwa ba hedi. Naine nalonjeza."