Lilime la Zebedee

Mu Mzuzu monse munalibe lilime ngati la Zebedee. Pakampani yogula khofi yomwe ankagwirako ntchito, ankamundandalikira makapu patebulo, iye n'kumatunga ndi supuni, kukokera m'kamwa mwaphokoso, kuzunguza pang'ono, n'kulavulira m'kachitini. Akatero ankanena kuti uyu ndi wa ku Misuku, uyu anamuyanika mochedwa, uyu musatumize kunja mungatichititse manyazi. Kumeza ayi. Ntchito yake inali kulawa ndi kulavula, ndipo kunena zoona ankanyada nayo mopitirira.

Koma lilime lomwelo linali ndi mbiri ina imene a ku ofesi sankaidziwa. A ku Chibavi okha, kumene ankakhala, ndi amene ankakumbukira Zebedee wakale, wogona m'ngalande, wobwera naye kunyumba pawilibala. Anasiya mowa tsiku limene mkazi wake Emily anasiya kukalipa. Mayiyo anangomukhazika pansi n'kumuuza mofatsa kuti akadzangomezanso ngakhale dontho, sadzamva phokoso lililonse. Adzangoona chikwama chikunyamulidwa, munthu akupita kukakwera ya kwawo ku Nkhata Bay. Emily sanali wobwereza mawu, ndipo Zebedee ankamuopa monga momwe ankamukondera. Zaka zinadutsa, ana n'kukula, nyumba n'kukhala ya malata atsopano.

Ndiye paja chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina bwana Ackim, mkulu wa kampaniyo, anamuitana n'kumuuza kuti kukubwera alendo a ku Italy odzagula khofi, ndipo akufuna kuwalandira ndi vinyo wofiira wa kwawo komweko, weniweni, osaumira ndalama. Wosankha akhale ndani ngati si mwini lilime? Apa n'pamene Zebedee akanati, pepani bwana, ine sindimwa. Mawuwo anafika pakhosi ndithu, koma kuyamikiridwa kumakoma. Anadziuza kuti kulawa si kumwa, munthu amalavula tsiku ndi tsiku.

Vinyo wotere mu Mzuzu ankapezeka kwa mayi Mabel ku Katoto, omwe ankaitanitsa kunja n'kumagulitsa kwa eni malo ogona alendo. Kunali nkhungu tsikulo, kamvula kakuwaza. Mayiwo anamulonjera m'Chitumbuka kuti mwatandala uli adada, n'kumulowetsa m'kachipinda kozizira kuseri kwa nyumba, kopanda zenera, momwe mabotolo anagona chammbali m'mashelefu. Atatu anali otsegula kale, poti m'mawa kunabwera ena odzalawa. Fungo linamulandira pakhomo ngati mnzake wakale amene sanaiwale dzina lake.

Zebedee anapempha ndowa yolavuliramo. Mayi Mabel anaseka, nati nawonso azungu odziwa vinyo amatero, n'kumubweretsera.

Woyamba anali Barolo. Mayiwo anati ameneyu amachokera kumapiri a kumpoto kwa Italy, ndipo safuna munthu wopupuluma. Ankanunkhira phula ndi maluwa ouma, ndipo anagwira lilime ngati nthochi yosapsa. Zebedee anazunguza, nalavula. Wachiwiri anali Brunello, wofewerapo, wa kafungo ka zipatso zofiira ndi dothi lonyowa. Analavulanso, nkhope ili phee. Wachitatu anali Amarone, wakuda bii. Mayi Mabel anafotokoza kuti mphesa zake amayamba aziyanika kaye miyezi ingapo zisanafinyidwe, n'chifukwa chake ndi wolemera, wotsekemera poyamba, wowawa pomaliza, komanso waukali kuposa anzakewo.

Ameneyu anakhalitsa m'kamwa. Anatenthetsa nkhama, nakwera mpaka kumphuno, ndipo pakhosi panatseguka pokha kumudikira. Zebedee anawerama, nalavula, koma mochedwa kuposa momwe amachitira ndi khofi.

"Uyu ndiye vinyo," anatero, mawu atasasa. "Tipatseni ameneyu."

"Lilime muli nalo chomene, adada," anayankha mayi Mabel. "Koma musamale naye. Amalowa mwaulemu ameneyu."

Pobwerera kunyumba anatafuna njere za khofi wokazinga kuti aphe fungo, ndipo kwa Emily sananene kanthu. Mumtima ankadzitama kuti wapambana, chilombo wachigwira pakamwa n'kuchisiya. Komatu mawa lake khofi yense pamzere ankamveka ngati madzi otsukira mbale. Akatunga wa ku Misuku, lilime linkafunafuna kakuwawa kaja ka kwa mayi Mabel. Emily anamufunsa kamodzi kokha chomwe chinkamusowetsa mtendere, iye nati ndi alendo akubwerawa.

Phwando linali la nkhomaliro, Loweruka, pamalo ena odyera kunja kwa tauni, ndipo bwana Ackim anati aliyense abwere ndi akunyumba. Emily anavala chilundu chake chatsopano, nakhala moyang'anizana ndi mwamuna wake, kachikwama atakaika pansi pafupi ndi mwendo wa mpando. Ataona mabotolo akubwera sanadabwe, poti maphwando a kampani amakhala otero, ndipo iye ndi Zebedee ankangoitanitsa zoziziritsa kukhosi.

Woperekera zakudya anatsegula botolo, nalionetsa kwa bwana Ackim. Bwanayo analoza Zebedee monyadira, nauza alendo m'Chingerezi kuti vinyoyu wasankha ndi uyu, katswiri wathu, anachita kupita yekha kukalawa. Zebedee sanayang'ane kwa Emily. Anangomva kuti foloko yaikidwa pambale.

Mkulu wa alendowo, bambo wa imvi, anakondwa kwambiri poona dzina la pabotolo. Anati kwawo amene wasankha vinyo ndi amene amayamba kulawa, enawo amadikira. Bwana Ackim anawomba m'manja.

"Ndiye ngati kwathu kuno! Mwini mowa amayamba ndiye kumwa, alendo aone kuti mulibe mankhwala. Tichotsereni mankhwala, a Zebedee."

Anamuthirira pang'ono, kongokwana kamwa limodzi. Dzanja linanyamula lokha galasi monga linazolowerera ndi supuni. Ananunkhiza, nakokera m'kamwa, nazunguza, kenako maso ake anatsikira pambali pa mpando kufuna ndowa. Panalibe ndowa. Panali nsalu yoyera ya patebulo, mbale zoyera, ndi nkhope za anthu zikumwetulira, zikudikira. Munthu ungalavule bwanji pamaso pa alendo chinthu chimene wawasankhira wekha? Kulavula apa kukanakhala kunena kuti muli mankhwala.

"Bambo a Sekani," anatero Emily, kumuitana ndi dzina la mwana wawo, motsitsa kwambiri moti anamva ndi iye yekha.

Vinyo anali atatentha kale m'kamwa. Zebedee anachita mantha amene sanawamvepo chiyambire, chifukwa anazindikira kuti kusowa kwa ndowako kwamusangalatsa. Anameza.

Vinyoyo anatsika bwinobwino, mwaulemu, monga ananenera mayi Mabel. Alendo anawomba m'manja, bwana Ackim akufunsa kuti nanga vinyoyo ali bwanji, ndipo Zebedee anati ali bwino kwambiri, zomwe zinali zoona. Kutsidya kwa tebulo Emily sanakalipe, sanagwetse ngakhale msozi. Anawerama, natola kachikwama kake, nakaika pamiyendo, n'kukankhira mpando kumbuyo pang'onopang'ono kuti usachite phokoso.

Zebedee anaona zonsezo. Ankafuna kuimirira, kumugwira dzanja, kumutchula dzina. Koma woperekera uja anali atafika kale pambali pake ndi botolo, ndipo galasi linali m'mwamba, m'dzanja la Zebedee, likudikira kudzazidwa.