Galimoto la a Lhoussain limatentha pokwera

Galimoto la amuna anga, a Lhoussain, linayamba kuvuta titangomaliza Ramadani. Ndi lalikulu ladizilo, lija lokwera m'mwamba, ndipo amanyamulira zipatso za kanjedza kukagulitsa m'misika. Kanyali kofiira kosonyeza kuti injini yatentha kankayaka tsiku lina, kenako sabata yonse osaonekanso.

Makaniko wathu ndi mlongo wanga wamkulu, Assou, amene ali ndi galaja kuseri kwa msika wa Tinghir. Anayang'ana madzi, anapeza ali odzaza. Anasintha chivindikiro cha rediyeta, kenako kachipangizo koyeza kutentha. Analiza injini pagalaja mpaka anzake kudandaula utsi, koma kanyali sikanayake. Nthawi zonse akafunsa komwe kamayakira, a Lhoussain ankati pamsewu wa ku Tinejdad.

Lachisanu lina achimwenewo anabwera kudzadya nafe kusikusi, chakudya chathu cha tirigu. Anadikira mpaka nyama itagawidwa.

"Alamu, galimoto lanu landisandutsa mbuli," anatero. "Msewu wa ku Tinejdad ndi wosalala ngati thebulo ili, mphepo yokha imaziziritsa injini. Matenda awa ndi a galimoto lokwera phiri pang'onopang'ono litasenza katundu. Komanso m'rediyeta ndachotsamo masamba a mitengo ya mtedza yomera kumapiri. Ku Tinejdad mitengo imeneyo inamera liti?"

A Lhoussain anatsokomola, nkupempha madzi.

Ine ndinamvetsa nthawi yomweyo. Kumapiri tilibe msika, tilibe m'bale. Kuli Itto, mkazi woyamba wa a Lhoussain, amene anamusiya chifukwa apongozi anga anatopa kudikira zidzukulu. Ine ndawaberekera ana atatu, koma mpaka lero pakhomo pathu dzina la Itto silitchulidwa, ndipo si chifukwa choti analiiwala.

"Ndiye mawa tikwere phirilo, achimwene akaone okha," ndinatero ndikuthira tiyi. "Inenso ndipita nawo."

"Zoubida, kumeneko kulibe choona," a Lhoussain anandiuza.

"Ndikaona kanyali."

M'mawa mwake Assou analongedza matumba a simenti kumbuyo kuti galimoto lilemere. Ndinakhala kutsogolo. Titadutsa m'chigwa cha matanthwe nkuyamba kukhota ndi msewu, kasingano ka pa dashibodi kanayamba kukwera. A Lhoussain ankadziwa dzenje lililonse lisanaoneke. Pamalo pena ana oweta mbuzi anawabayibitsa powatchula dzina.

Kanyali kanayaka titafika pachitunda chomaliza tisanalowe m'mudzi.

"Imani pompano, koma musazimitse," anatero Assou.

Anatsegula boneti, nkupinda nyuzipepala yakale, nkuigunditsa pa fani. Faniyo inaima nthawi yomweyo.

"Mwaona? Injini yatentha chonchi, fani iyi imayenera kumalira ngati ndege ndi kung'amba pepalali. Mafuta a m'kati mwake anatha. Imangozungulira mwaulemu, siikoka mpweya. Mukanandiuza zoona poyamba, tikanathana nazo tsiku limodzi."

Ine ndinali nditasiya kale kumvera. Kuchokera m'nyumba yadothi kumtunda kwa msewu kunkatsika mayi atanyamula chigubu cha madzi ndi chiguduli. Palibe amene anamuitana. Anali atamva kulira kwa injini nkuizindikira. Ndinkayembekeza kuona nkhalamba yofota, koma anali wamtali, woongoka, ndipo ankatsika pamiyala osayang'ana pansi. Kumapazi anavala nsapato zachikopa zofiira, zofanana ndendende ndi zimene a Lhoussain anandigulira pa Idi.

Atandiona anaima, kenako anabwera nkundipatsa moni ngati mlendo wolemekezeka.

"Ndinu amake Anir. Mwafanana ndi mwanayo maso."

"Mwanayo munamuonera kuti?"

"Pa foni," anayankha.

Anatula chigubu, nkupatsa a Lhoussain chiguduli chija osawayang'ana, iwonso analandira osamuyang'ana, ngati mmene anthu amapatsirana mchere patebulo. Zimenezo zinandiwawa kuposa nsapato.

"Musatsegule likadali lotentha," anawauza. "Paja munapsa dzanja."

Dzanja limenelo ndinalipaka mankhwala ndine. Anandiuza kuti anapsa ndi ketulo kumsika.

Itto anatiitanira tiyi. Assou anapita, chifukwa iye sakana tiyi ngakhale pamaliro a mdani wake. Ine ndinatsala m'galimoto, a Lhoussain ataima pawindo.

"Bambo ake anamwalira chaka chatha," anatero. "Alibe womugulira ufa ndi gasi. Ndimangotula katundu, basi."

"Nsapato nazonso ndi ufa?"

"Anali kuyenda ndi zong'ambika."

"Munayamba kusankhira ndani, iye kapena ine?"

Anati sakukumbukira.

Potsika phiri Assou ankafotokoza mtengo wa fani yatsopano kwa anthu osamvetsera. Madzulo ndinamupeza kugalaja ndili ndekha.

"Achimwene, musaikonze msanga. Nenani kuti chitsulocho sichikupezeka."

"Kuti injini ipse? Mlongo wanga, munthu amene uja akhoza kukwera phirilo ngakhale pabulu."

Anaikonza Lolemba.

Sindinachoke pakhomo, ndipo sindinawaletse. Ndinangonena kuti ufa wa Itto ndizigula ndine, ndipo ndizikatula ndine. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha timakwera phirilo tonse awiri. A Lhoussain amatsala pamsewu, ine ndimalowa ndi thumba. Itto amandithirira tiyi, amandifunsa za ana mmodzimmodzi, ndipo sanandilankhulepo mawu oipa, ngakhale ndimapita nditakonzeka. Mwezi wathawu anandifunsa ngati a Lhoussain amadzukabe ndi mutu akadya anyezi wosaphika. Zaka zonsezi ine sindinkadziwa kuti ndi anyezi.