Thalauza la Bambo

"Ndiye shugayu akuchokera kuti? Kumwamba?" ndinafunsa.

"Funsa kachipangizo kakoko," anayankha amayi osatembenuka n'komwe, akukwecha mphika. "Ine ndimaphika zimene unalamula iwe. Masamba, nyemba, mazira, masambanso. Mbuzi italowa muno ingaganize kuti yafika kwawo."

Bambo anali atapita kale kushopu kwawo kosokera zovala. Anandisiyira kadontho ka magazi ndi nambala yonditonza pa kachipangizo koyezera shuga.

Ine ndimakonda zinthu zozunguza mutu, ndipo ku yunivesite chizolowezicho chinangokula. Choncho adokotala atanena kuti shuga wayamba kuwononga maso a bambo, koma kuti matenda a mtundu umenewu amatha kubwerera m'mbuyo munthu akasintha kadyedwe, ndinaona ngati andipatsa masamu a ana. Tinachotsa shuga m'tiyi, buledi woyera, zakumwa za m'botolo. Mpunga unatsala wongolawa. Bambo ankatafuna kabichi ngati mkaidi, komabe zinatheka. Mimba inaphwa, adokotala anachepetsa mapiritsi, bambo n'kubweza okha thalauza lawo m'chiuno uku akuimba mluzu. Anayambanso kulowetsa ulusi pasingano osaitana munthu.

Kenako shuga anayambanso kukwera. Ndinakayikira kachipangizo, ndinakayikira mafuta ophikira, ndinakayikira amayi. Ndinatopa. Tonse tinatopa, moti pakudya ankalankhula ndi masipuni okha.

Tsiku lina masana ndinangotulukira kushopu osanena. Pampando wa makasitomala panali azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, atavula nsapato. Pamakina osokera panali kambale ka mabanzi opaka jamu, botolo lozizira lili pambali. Nyenyeswa zinali mbuu pandevu za bambo.

"Bisani, achimwene," anatero azakhali. "Apolisi afika."

"Azakhali, izi ndi zimene zikuwapha."

"Zikuwapha? Tawaona khosilo! Kolala ikuchita kulendewera. Anthu akundikokera pambali, akuti, 'Achimwene anu aja akudwala chiyani?' Ena akuti mlamu wanga anasiya kuwaphikira. Makasitomala nawo akuthawa, akuti telala uja watsala madzi amodzi, angafe ndi nsalu zathu. Iwe ndi sukulu yakoyo, zimenezi unazimva?"

"Kuondako ndiye kuchirako," ndinatero. Mawu anga anamveka ngati a munthu wa pa wailesi.

"Kuchira kwa mafupa okhaokha? Agogo ako anaonda chomwechi, ndipo tonse tikudziwa kumene ali."

Ndinatembenukira kwa bambo. "Inu munali pomwepo adokotala akulankhula. Munamva za maso anu."

Anasasa ndevu pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

"Mwanawe, chakudya cha mlongo wako sukana. Ukakana, wanena mawu aakulu. Ameneyu amakwera basi ndi bondo lake lovutalo kuti andipatse zimenezi. Kunyumba ndimadya kuti iwe upeze tulo. Kuno ndimadya kuti iye apeze tulo. Ine ndangosanduka thumba, aliyense akuponyamo mantha ake."

Yankho la masamu anga linali litapezeka, koma sindinasangalale nalo. Ndinakhala pamulu wa nsalu. Ndinaganiza zoyambanso kufotokoza za magazi, za mmene thupi limalekera kumvera mankhwala ake omwe likachulukidwa ndi zotsekemera. Nditaona nkhope ya azakhali, ndinazisiya. Nawonso anali atatopa. Ankaopa maliro omwewo amene ndinkaopa ine.

Apa ndi pamene ndinaona chimene chinali pamiyendo pa bambo. Linali thalauza lomwe lija analibweza akuimba mluzu. Anali ataphwasula msoko wa m'chiuno kuti alikulitsenso, timaulusi takale tili yakayaka pansi.

"Ndisiyeni ndigwire ntchito," anatero.

Anatenga singano, ananyowetsa ulusi ndi malovu, n'kutembenukira kuwindo kumene dzuwa linali phwee. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso, unadutsanso pambali. Anatambasula mkono, anaubweza pafupi ndi mphuno, anapukuta maso ndi chala. Azakhali anasiya kutafuna, banzi lili m'manja.

Bambo anaitembenuza singanoyo uku ndi uku, kenako anaikweza m'mwamba pakati pa ife awiri.

"Kodi singano iyi ili ndi bowo?"