Ndinamuimika Tsiku Lonse

Mwana wanga anabadwa pa miyezi isanu ndi iwiri, kamunthu kongokwana m'manja. Patatha masabata asanu tili m'chipatala, akayamwa ankabweza mkaka, kupinda msana, nthawi zina milomo n'kuda bii. Adokotala anati mwina asidi wa m'mimba akukwera kum'mero. Anamulowetsa kachubu m'mphuno, kolumikiza ku kamakina koti kayeze asidiyo kwa tsiku lathunthu.

"Mayi, muzichita monga mwa masiku onse," anatero anesi. "Akayamwa, mgonekeni ngati kale. Zotsatira zikakhala bwino, mawa mukupita kwanu."

Kwathu! Wodi imeneyo inali itandifika m'khosi. Nthawi ya alendo ikakwana, anzanga ankazunguliridwa ndi apongozi ndi azilamu, ine ndikupinda matewera opindapinda kale. Bambo ake anabwera kamodzi, n'kusuzumira pagalasi ngati akuona katundu m'sitolo, basi. Ndinkasungulumwa mpaka kulankhula ndi botolo lofinyiramo mkaka.

Ndiye ndinachita zanga. Ndinali nditaona kuti ndikamuimika pachifuwa sabweza. Ndinamuimika tsiku lonselo, osagona, mkono mpaka dzanzi. Anesi akamadutsa ndinkangoti, "Wangoyamwa kumene, ndimugoneka pompano."

M'mawa anamuchotsa kachubu, adokotala n'kuyang'ana mizere pa kompyuta. "Asidi ndi wochepa kwambiri. Longedzani, mayi."

Ndinamugoneka pabedi kuti nditseke chikwama. Mphindi ziwiri sizinakwane: msana uja pindikeni, mkaka kutulukira m'mphuno, kupuma zii. Mayo ine! Ndinamunyamula n'kumusisita mpaka analira. Palibe anaona. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za kachipinda kathu. Kumeneko ndikafuna kusamba, adzamuimika ndani? Nanga tulo tikadzandigwira?

Anesi ndinawapeza akulemba patebulo pawo.

"Anesi, ndinanama. Dzulo sindinamugoneke olo kamodzi."

Anaika cholembera pansi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, bwenzi zitandipepukira. Iwo anangofunsa kuti, "Mukudziwa kuti tiyambiranso?"

"Ndikudziwa."

"Bwerani naye. Anzanga ali ku wodi ina, ndili ndekha."

Chikwama ndinachikankhira pansi pa bedi. Pomulowetsanso kachubu kaja mwana analira mpaka mawu kutha, ndipo amene anamupanikiza mutu kuti asagwedezeke ndinali ine mayi ake.