Milungu Itatu

Loweruka lililonse masana, m'nyumba ya Tabita kuseri kwa msika wa Malomo munkabuka nkhondo. Magazi sankakhetsedwa. Asilikali ake adali anthu atatu aulemu wawo okhala mozungulira tebulo, aliyense ndi chitsekerero cha botolo choimira munthu wake wa m'nthano. Victor, kondakitala wa minibasi, patebulopo adali wosula mikondo. Wezzie, namwino wochokera kumpoto, adali mlenje. Isake, mlimi wa fodya yemwenso ankatsogolera kwaya kutchalitchi, adasankha kukhala wakuba nkhuku, ndipo ntchitoyo ankaigwira mwaluso lodetsa nkhawa.

Mwini nthano adali Tabita, mlangizi wa zaulimi. Masewerawa adawaphunzira kukoleji ku Lilongwe, n'kubwera nawo kwawo pamodzi ndi daisi ya mbali makumi awiri. Iye ankalongosola dziko, anzakewo n'kunena zoti anthu awo achite, daisi n'kugamula. Ikagwa nambala yaikulu, mkondo walasa. Ikagwa yaing'ono, wosula mikondo wagwa chagada m'matope. Ena onse a m'nthanomo, kuyambira mbuzi mpaka mizimu ya m'mapanga, ankawalankhulira ndi Tabita yemweyo, ndipo sadasowepo chonena. Mkulu wa mpingo wina adabwerapo kudzafufuza ngati si juga kapena maula. Adapeza patebulo palibe ndi khobidi lomwe, anthu akuluakulu akukangana ngati mbuzi ingawoloke mtsinje wosefukira, ndipo adakauza anzake kuti tchimo la ana amenewa ndi kusowa chochita basi.

Nthanoyo Tabita adaitcha Milungu Itatu. Kalekale, milungu itatu yomwe inkasunga mapiri idanyamuka osatsanzika. Anthu adalira, adadikira, kenako adatopa n'kuphunzira kukumba okha zitsime. Tsopano milunguyo idali itabwerera, ikufuna mapiri ake, ulemu wake ndi mbewu zoyamba kucha, ngati kuti idangopita kuseri kwa nyumba. Iwiri, Nankhungu ndi Chiswamwala, asilikali aja adali ataigwetsa kale. Udatsala waukulu, Mtengamvula.

Pa Malomo panalibe wosadziwa komwe dzina la nthanoyo lidachokera, koma anthu a kuno amadziwa kuona chinthu n'kumayang'ana kumbali. Tabita ali mu Sitandade 1, bambo ake, a Langton, adakwera basi kupita ku Joni kukaoda katundu. Pasiteji adauza mkazi wawo kuti, "Musadandaule, ndikakhalako milungu itatu yokha." Milungu ija idabala miyezi, miyezi idabala zaka zoposa makumi awiri. Mayi ake a Tabita adamlera ndi dimba la matimati, ndipo adamwalira chaka chomwe iye ankamaliza koleji. Uthenga wa maliro udatumizidwa ku Joni, udafika, koma munthu sadaoneke.

Tsono chaka chino, fodya atangopita kumsika, a Langton adatulukira. Mtchona wa imvi, sutikesi imodzi. Adafikira kwa mlongo wawo ku Kasakula, ndipo Loweruka lililonse ankakwera kabaza kudzakhala pabenchi pakhonde pa Tabita, chipewa chili pabondo. Tabita sankawathamangitsa, poti adaleredwa bwino. Ankawapatsa moni wa mlendo, "Mwaswera bwanji, a Langton," n'kuwaikira tiyi, n'kulowa, n'kutseka chitseko. Iwo ankamwa tiyiyo pang'onopang'ono, akumva pazenera momwe milungu yobwerera ikuphedwera. Sabata yomwe nthanoyo inkatha, azakhali a ku Kasakula adaimba foni kuti Lolemba mchimwene wawo abwerera ku Joni, poti aona kuti kuno alibe malo.

"Apite," adatero Tabita. "Msewu wake ndi womwe uja."

Loweruka lomaliza la nthanoyo lidamupeza ali wokonzeka. Mapu a dziko lake, ojambulidwa kuseri kwa kalendala yakale ya feteleza, adawayala bwino, n'kuika mwala wakuda pamwamba pa phiri. A Langton adali kale pabenchi pawo. Tabita adatsegula zenera kwambiri kuposa masiku onse.

"Mwafika pansonga pa phiri," adayamba motero, mawu ali gwa. "Nkhungu yang'ambika pakati. Mtengamvula wakhala pamwala, mitambo waikolekera pamapewa ngati bulangete. Akuti: ana inu, ndabwera. Gwadani, mundibwezere malo anga."

"Agwade ndi agogo ake," adatero Victor, akupukusa daisi m'manja. "Wosula mikondo akuponya."

"Taima kaye," adatero Wezzie, n'kumugwira mkono. "Mlenje wanga akuika uta pansi. Akufuna kufunsa funso."

Tabita adaseka. "Funso? Mwayenda ulendo wonsewu kudzacheza?"

"Suja udati munthu angachite chilichonse chomwe akufuna, bola daisi ivomere? Awiri aja tidawapha osawamva. Ine sizidandisangalatse. Kuchipatala ngakhale woledzera yemwe wadzivulaza yekha timayamba tamufunsa." Wezzie adasendeza chitsekerero chake kufupi ndi mwala uja. "Mlenje akuti: agogo Mtengamvula, nthawi yonseyi munali kuti?"

Za Mtengamvula Tabita ankadziwa zonse. Ankadziwa kutalika kwa ndodo yake, mphenzi zomwe akanaponya, ngakhale malo ofooka kuseri kwa bondo lake lamanzere komwe mkondo ukanalowera. Miyezi yonseyi adakonza mmene adzafere. Koma komwe adali, ndi chomwe chidamugwira kumeneko, sadaganizepo ngakhale tsiku limodzi.

"Mtengamvula sayankha mafunso a anthu wamba," adatero.

"Aa, bodza," adatero Isake. "Anzake aja ankalankhula mpaka ine kuba nkhuku ziwiri iwo ali pakati pa mawu. Ameneyu wakhala bubu lero?"

"Ponya daisi, itiuze," adatero Victor.

"Daisi imangoti inde kapena ayi, siyidziwa kufotokoza," adayankha Wezzie, maso ali pa Tabita. Sankamuseka. Ankangodikira, monga amadikirira namwino kuti wodwala aloze yekha pomwe pakupweteka.

Tabita adapsa mtima, kupsa kwenikweni. Padalibe munthu adamusowetsapo mawu patebulo pake, ndipo sakanalola kuti ziyambe lero. Akanatha kupeka bodza lililonse, koma anzakewo ankamudziwa, akanalimva kuti ndi lopanda mchere. Yankho lenileni lidali pakhonde, likumwa tiyi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adadzuka, mpando n'kukhuluzika pasimenti, n'kukatsegula.

"A Langton, talowani. Pali ntchito."

Bamboyo adaimirira mofulumira mpaka tiyi kutayikira pansapato. Pakhomo adazengereza, n'kupukuta mapazi nthawi yaitali pachiguduli chopanda fumbi. Isake adawapatsa mpando wake, iye n'kukhala pandowa yovundikira.

"Mwakhala mukumva pazenera, ndiye nkhani mukuidziwa," adatero Tabita, ataima chilili, manja m'chiuno. "Mwala uwu ndinu. Dzina lanu ndinu Mtengamvula. Mudasiya anthu, lero mwabwera. Mayi awa akufunsa kuti munali kuti. Yankhani."

A Langton adayang'ana mwalawo, kenako mapu. Adaloza ndi chala. "Phiri ili ndiye kwathu?"

"Kwanu n'komweko."

"Chabwino." Adakhosomola pang'ono. Mawu awo adatuluka okhazikika, ndipo Tabita adadabwa kumva kuti akamayamba nkhani amakokera mpweya ngati momwe amachitira iye mwini. "Mayi mlenje, mwafunsa bwino. Ife tidapita kukasaka mvula yabwino ya anthu athu, poti ya kuno inkachepa. Tidati tikatenga msanga. Koma kumene tidafikako kudali eni ake, akuluakulu kuposa ife. Kumeneko palibe ankadziwa kuti kwathu tili ndi phiri. Tidakhala aganyu, osenza mitambo ya ena. Chaka choyamba udati, ndibwerere bwanji chimanjamanja, anthu akudikira mvula? Chaka chachiwiri udati, ndachedwa kale, ndiye ndipite ndi yambiri kuti andikhululukire. Chaka chilichonse mlandu ukukula, mvula yolipirira mlanduwo ikukulanso, iwe m'manja mulibe. Mapeto ake manyazi amasanduka nyumba, umangogonamo."

Victor adaika daisi pansi mwakachetechete, ngati dzira.

"Nanga lero mwabwera nayo mvulayo?" adafunsa Wezzie.

"Ayi, mayi. Ndabwera chimanjamanja chomwe chija. Kungoti ndakalamba, ndipo manyazi ndatopa nawo."

"Ndiye mukufuna phiri lanu?" adalowererapo Isake. "Poti ife tidamva kuti mukufuna tigwade."

"Zimenezo adandilankhulira ndi ena," adatero a Langton, osayang'ana mwana wawo. "Phiri ndi la omwe adakumba zitsime."

Isake adatsala pang'ono kuseka, koma ataona nkhope ya Tabita adameza. Tabita adaona kuti tebulo lake likumuthawa. Anthu omwe adawatsogolera miyezi yonseyi kuti adzaphe, tsopano ankagwedeza mitu ngati ali pa ulaliki. Yankholo lidali labwino, ndipo n'chimene chidamuwawa kwambiri. Munthu wodziwa kulankhula chonchi adakhala chete zaka zonsezi.

"Mwalankhula mokoma, a Mtengamvula," adatero, mawu akukwera. "Koma anthu a m'mudzimo sadakutumeni mvula. Akanakulandirani ngakhale mukanabwera ndi malaya okha. Mlenje akufunsanso. Akuti, m'mudzimo mudali mayi wina yemwe minibasi iliyonse ikaima pasiteji ankasiya khasu n'kuimirira. Mayiyo atadwala mudamva. Atamwalira mudamva. Akuti..."

"Mlenje wanga sananene zimenezo," adatero Wezzie motsitsa mawu.

"Ine ndiye mwini nthano!"

"Ndiwe mwini nthano, inde. Koma mlenje ndi wanga."

A Langton adatenga mwala wakuda uja, n'kuuchotsa pamwamba pa phiri, n'kuuika pambali pa mapu, pathabwa lopanda chojambula. Masabata onse apakhonde aja ankamutchula Tabita kuti "mayi" ndi "inu", monga amachitira mlendo kwa mwini nyumba. Apa adasiya.

"Tabita, za mwalawu ndayankha, ndipo ndayankha zoona. Koma funso ilo si la mwala. Ndi la Langton, ndipo wofunsa si mlenje. Ngati ukufuna kundilasa, ndilase ndi dzanja lako, usatume anzako. Ndikuyankha chilichonse, ngakhale chondichititsa manyazi. Ukamva, ukati ndipite, Lolemba ndipita ndipo sindidzakuvutitsanso. Koma undifunse iwe."

Tabita adaimabe chilili. Adazindikira kuti nthano yonseyi, mapu, milungu, mikondo, adaimanga kuti funso limeneli lifunsidwe ndi wina aliyense kupatula iye. Ankaopa. Sankaopa kuti yankho likhala loipa, poti loipa adalikonzekera kuyambira ali mwana. Ankaopa kuti akalimva, mkwiyo womwe udamuphunzitsa sukulu ndi kumumangira nyumbayi ungamuchepere, iye n'kutsala mwana wa Sitandade 1 pasiteji. Koma Tabita sadali munthu wothawa pakhomo pake.

"Victor, Isake, Wezzie, masewera atha. Pitani."

"Nanga Mtengamvula tamupha kapena..." adayamba Victor, koma Isake adamukoka malaya n'kutuluka naye. Wezzie adatsalira pang'ono, adafinya phewa la mnzakeyo, n'kutseka chitseko kunja.

Tabita adapinda mapu aja pakati, n'kuwakankhira kumapeto kwa tebulo kuti pakati pa awiriwo pasakhale kanthu. Adakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana ndi bamboyo, maso ndi maso. Mawu oyamba omwe adatulutsa adali asadawatchule chiyambire ali kamtsikana.

"Ababa," adatero, "mudamva kuti amayi amwalira. Bwanji simudabwere?"